Kudzipangira mfuti pakhomo, kodi kuno kwathu ndi mlandu?

Welda_wa_Luchenza:
Abale a pagulu pano ndithandizeni maganizo koma musafulumire kundiweruza. Ine ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo, mageti, mafelemu a mawindo, mabedi, makeriya a njinga za kabaza, zoterozo. Nde masiku ano pa YouTube ndikumaona azungu aku America akupanga mfuti m'magalaja mwawo, nkhope poyera osabisa, akuti n'zongosangalatsa basi ngati mmene ena kuno amawetera nkhunda. Tsono kwabwera kasitomala wina, mlimi wa zinanazi wa cha kuphiri uko, akuti anyani amumaliza ndipo akufuna ndimupangire kanthu kongoti phuu kuti azithawa. Ndalama akuti alipira bwino. Ndamuuza kuti ndiganize kaye. Funso langa ndi loti ngati sindikugulitsa kwa akuba, sindikufuna kupha munthu, mlandu wanga ungakhale pati? Amene mumadziwa malamulo tiuzeni.

Chitakale_Boy:
Amwene ganizo lake n'chani pamenepa? Pitirizani mageti omwewo kkkk. Ku Chichiri kulibe makasitomala a mawindo.

MayiNandolo:
Iii achimwene, zoona mpaka mwafika pofunsa zimenezi pagulu? Mukudziwa kuti muno muli aliyense?

Welda_wa_Luchenza:
Achemwali ndafunsa poyera chifukwa sindinapange kalikonse. Wofuna kuchita zoipa safunsa.

Admin_Sapitwa:
Funso ndi labwino ndipo likhala. Koma ndichenjezeretu, aliyense amene aponye muno vidiyo, chithunzi kapena malongosoledwe a kapangidwe kake ndimutulutsa pompo, ngakhale akhale mlamu wanga. Tikambe za malamulo ndi za mavuto athu, osati sukulu yosula mfuti.

Kalaliki_Wopuma:
Bambo a ku Luchenza, mwachita bwino kufunsa musanagwire chitsulo. Ine ndakhala nthawi yaitali m'makhoti ang'onoang'ono ndikulemba milandu, nde ndiyankha mosazungulira: ndi mlandu. Dziko lino lili ndi lamulo lake la mfuti, Firearms Act, la 1967, m'mabuku a malamulo lili pa Chapter 14:08. Mutu wake ndi woti munthu sasunga mfuti kapena zipolopolo popanda laisensi, ndipo kupanga mfuti si chinthu choti munthu wamba angangoyamba pa shopu pake popanda chilolezo cha boma. Chimene anthu ambiri samvetsa ndi ichi, lamulo silifunsa kuti mfutiyo yachokera kufakitale kapena mwaisula nokha kuseri kwa khitchini. Likaona chinthu choti chikhoza kuponya chipolopolo n'kuvulaza kapena kupha, limati ndi mfuti basi, kaya ndi yonyansa bwanji, kaya yamangidwa ndi mphira. Silifunsanso kuti mumtima mwanu munali zabwino. Mlandu wake ndi wopezeka nayo, osati woombera munthu ayi. Zoti ndinkafuna kuopseza anyani mukazinena pomaliza popempha kuti akuchepetsereni chilango, koma kumangidwa mwamangidwa kale. Ndipo inu mukhala ndi iwiri, wopanga ndi wopereka kwa munthu wopanda laisensi. Kasitomala wanuyo akadzagwidwa funso loyamba lidzakhala loti anakupangira ndani, ndipo sadzakubisani.

Nanazi265:
Madala mwalongosola bwino koma inu simunalimepo zinanazi m'mbali mwa phirimu. Munthu udikire chaka ndi miyezi kuti chinanazi chikhwime, tsiku limodzi gulu la anyani litsike, ndipo chowawa n'choti sadya n'kumaliza, amaluma apa kutaya, kuthyola china kuluma kutaya, pofika iwe m'munda muli ngati mwadutsa thalakitala. Ana akujomba kusukulu chifukwa cholondera munda. Lamulo lanulo limadziwa zimenezi?

Kalaliki_Wopuma:
Mwana wanga ululuwo ndikuumva, inenso kwathu ndi kumudzi. Koma mwafunsa za lamulo nde ndayankha za lamulo. Njira yololedwa ilipo, kupempha laisensi kupolisi, amakufufuza mbiri yako, chifukwa chofunira mfutiyo ndi malo osungira, ndipo mfuti yake imakhala yogulidwa moyenera, ya nambala yake yolembedwa m'kaundula. Laisensiyonso imafunika kuikonzanso nthawi yake ikatha. Alimi ena ndi eni mabizinesi ali nazo mwanjira imeneyi.

Nanazi265:
Eya, ali nazo ndi a ndalama. Mlimi wa ekala imodzi agule mfuti ya mushopu ndi ndalama ziti? Nde pamapeto pake lamulo likuteteza munda wa bwana, wa ife uzidyedwa.

Chitakale_Boy:
Apa Nanazi walasa.

MayiNandolo:
Walasa chani? Nde aliyense wa ekala imodzi akhale ndi mfuti pansi pa mphasa? Mukudziwa mmene amuna a kuno amakanganirana malire a munda? Mukudziwa zimene zimachitika pa kachasu Loweruka? Pano akumatemana ndi zikwanje chifukwa cha mzere umodzi wa chinangwa, muwapatse mfuti muone maliro ake. Ife amayi ndi amene tingayambe kufa m'nyumbamu, mwamuna akabwera ataledzera.

Namwino_wa_Usiku:
Ndilowererepo pang'ono, ine ndimaonera mbali ina imene inu simuiona. Usiku wina anabwera naye pa njinga yamoto bambo wina, dzanja atalikulunga chitenje chonyowa magazi. Omuperekeza ankati wavulala ndi makina. Titamasula chitenjecho, chala chachikulu ndi cholozera kunalibe, pachikhatho pali tizidutswa ta chitsulo, nkhope yonse ili mathothomathotho akuda olowa mkhungu, diso limodzi silikutseguka, ndipo fungo lake la utsi lija silibisika. Sanaombere munthu, sanaomberedwe ndi munthu, chinthu chake chomwe chinamuphulikira m'manja akuti akudikira nguluwe. Mfuti za kufakitale zimapangidwa ndi chitsulo choyesedwa kuti chipirire mphamvu ya kuphulika, izi zosula pakhomozi palibe amene anaziyesa, woyesa wake ndi mwini dzanja. Ndipo mabala oterowo sakhala chinsinsi, nkhani imafika kupolisi, nde munthu achoke pabedi la chipatala alunjike kukayankha mlandu, dzanja alibe. Achimwene owotcherera, taganizani kuti kasitomala wanuyo zamuchitikira zimenezi, abale ake adzabwera pa shopu panu ndi nkhope yotani?

Welda_wa_Luchenza:
Eish asisi, apa mwandilasa pamtima. Koma funso langa la aku America lija palibe wayankha. Iwo bwanji samangidwa?

Mlhomwe_ku_Indiana:
Ndiyankhe ine poti ndili konkuno. Zoona, lamulo la boma lalikulu la America silimuletsa munthu kudzipangira mfuti yogwiritsa ntchito yekha, bola asakhale mmodzi mwa oletsedwa kusunga mfuti, monga amene anapezekapo ndi milandu ikuluikulu, komanso isakhale ya mitundu yoletsedwa ija ngati yolakatitsa zipolopolo. Gwero lake ndi malamulo awo oyendetsera dziko, mu 1791 anaikamo ndime yopatsa anthu ufulu wosunga zida, imene amaitcha Second Amendment. Ife mu Constitution yathu ya 1994 mulibe ufulu umenewo, mfuti kwathu ndi chilolezo chimene boma likhoza kupereka kapena kukana. Koma tamverani apa achimwene, ngakhale kuno komweko zimene kasitomala wanu akupemphazo ndi nkhani ina. Kudzipangira wekha ndi kwina, kupanga ngati bizinesi kuti uzigulitsa kumafuna laisensi ya boma, lamulo la 1968 limatero. Nde inu mwaonera vidiyo ya munthu wodzipangira, koma chimene mukufuna kuchita ndi cha wogulitsa. Chinanso, dziko lino lili ndi zigawo 50 ndipo chilichonse chili ndi malamulo ake owonjezera. Ku California sungangopanga n'kukhala chete, imafunika ikhale ndi nambala yochokera kuboma. Ndipo nkhaniyi kunonso ndi mkangano waukulu chifukwa mfuti zopanda nambalazi, amazitcha ghost guns, zinayamba kupezeka kwambiri pamalo a milandu ndipo apolisi amalephera kulondola kuti mwini wake ndani. Mu 2022 boma linakhwimitsa kuti zigawo zogulitsidwa ngati phukusi loti ukangolumikiza kunyumba zizikhala ndi nambala ndipo wogula azifufuzidwa, anthu anakasuma, mu March 2025 khoti lalikulu linagamula kuti lamulolo likhale. Vidiyo siikuuzani zonsezi, imangoonetsa munthu akumwetulira m'galaja.

Chitakale_Boy:
Ankolo aku Indiana mwabwera ndi notsi zonse kkkk. Tumizani ya bandulo kaye tiwerenge bwino.

Mlhomwe_ku_Indiana:
Iwe mphwanga ukagwire ntchito. Koma ndiwonjezere, anthu kumudzi amaganiza kuti ufulu wa mfutiwu ndi chitukuko. Ana a kuno kusukulu amaphunzitsidwa kobisala ngati wina walowa ndi mfuti, mwana wa zaka 6 akudziwa kuti azimitse magetsi akhale chete pansi pa desiki. Ine ndikakumbuka sukulu yathu ya pulayimale kumudzi, chimene tinkaopa chinali chikwapu cha ahedi basi.

Wa_ku_Joni_77:
Kuno ku South Africa lamulo ndi lolimba papepala, Firearms Control Act ya 2000, uyambe wapeza satifiketi yoti ndiwe woyenera kenako laisensi ya mfuti iliyonse payokha, kupezeka nayo yopanda mapepala zaka zikhoza kufika 15. Koma usiku ku lokeshoni timagona tikumva kulira kwake. Nde ine ndimati vuto si pepala lokha, mfuti zikangochuluka m'manja mwa anthu kuzibweza n'kovuta. Kwathu tikadali ndi mwayi, tisauseweretse.

Aphunzitsi_a_Mbiri:
Ana inu mukukamba ngati mfuti zosula pamanja zabwera ndi YouTube. Funsani agogo anu za gogodera. Inali mfuti yothira wonga kukamwa, kuombera kamodzi n'kuyambanso kuthira, ndipo alenje akale ankaisamala kwambiri, ikawonongeka amisiri osula makasu ndi nkhwangwa omwewo ndi amene ankaikonza. Dera lathu lino mfuti lazidziwa kalekale, ndipo sizinabwere ndi mtendere. M'zaka za m'ma 1800 njira ya akapolo inkadutsa pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi Michesi kulowera kunyanja ya mchere, mfuti ndi wonga zinkasinthanitsidwa ndi minyanga ndi anthu. Fort Lister inamangidwa mu 1893 pampata pomwepo kuti atseke njirayo, mabwinja ake alipo mpaka lero kwa amene akufuna kukaona. Maiko a ku Ulaya anagwirizana ku Brussels mu 1890 zochepetsa kugulitsa mfuti zamakono mu Africa muno, ponena kuti akuthana ndi ukapolo, koma tisanamizane, zinawathandizanso kuti mfuti zabwino zikhale m'manja mwawo mokha. N'chifukwa chake mu January 1915 anthu a John Chilembwe anapita kukathyola nyumba yosungira zida ku Mandala mu Blantyre, analibe mfuti zokwanira. Chilembwe mwiniyo anaphedwa pa 3 February chaka chomwecho mbali yathu ino akulowera ku Mozambique. Nde a Nanazi akamati lamulo la mfuti limakondera a mphamvu, mbiri ikuwavomereza pang'ono, sindingawatsutse. Koma mbiri yomweyo ili ndi tsamba lina limene ife a m'malire tinaliona ndi maso.

Nanazi265:
Pitirizani aphunzitsi, kalasi yakhala chete.

Aphunzitsi_a_Mbiri:
Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, kuyambira 1977 mpaka 1992. Amene munali ku Muloza ndi ku Limbuli nthawi imeneyo mukukumbuka anthu akuwoloka Ruo ndi Muloza kuchokera ku Milange, mitolo pamutu. Dziko lino linasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni. Nkhondo itatha mfuti sizinabwerere zonse kunkhokwe, ma AK-47 anayamba kuyenda m'manja mwa anthu wamba n'kumawoloka malire. Kenako December 1993, Operation Bwezani, asilikali akulanda zida a Payoniya, ena mwa iwo anathawira ku Mozambique komweko. Zaka zotsatira zinali zowawa, umbava wa mfuti unakula, magolosale ankatsekedwa dzuwa likadalipo, munthu ukagulitsa mbewu sunkagona m'nyumba. Amene tinadutsa m'nyengo imeneyo tikamva wina akuti mfuti zichuluke m'midzi, thupi limachita tsembwe. Ndipo mwina simudziwa, pangano la maiko a SADC lothana ndi kufala kwa mfuti linasainidwa mu 2001 pompano pa Blantyre, ndipo mwa zina limafuna kuti maiko aletse kupanga mfuti mozemba ndi kuti mfuti zizikhala ndi chizindikiro chozilondolera.

Gogo_wa_Khonjeni:
Aphunzitsi mwandikumbutsa kutali. Malemu bambo anga anali nayo gogodera, inkakhala pamwamba pa mtanda wa denga, ife ana kuikhudza kunali kufuna mkwapulo. Koma anali ndi chikalata chake, ankachisunga m'chitini limodzi ndi ziphaso za msonkho. Ngakhale kalelo sizinali zongosunga mwachisawawa. Ndipo nthawiyo nyama zinalipo, phiri la Thyolo lili ndi nkhalango yoti masana mkati muli mdima. Lero mukasaka chani, mbewa?

Chitakale_Boy:
Agogo mbewa sitisaka ndi mfuti, tingatsale ndi mchira wokha kkkkk

Mlonda_wa_Nkhalango:
Pa nkhani ya anyaniyi tiyeni tinene chilungamo. Anyani sanasamuke kubwera kwa ife, ife ndi amene takwera kupita kwa iwo. Phiri la Mulanje linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, koma taonani lero minda yafika pati, makala akutsika matumba angati pa tsiku, mkungudza watha ndi macheka. Zipatso zam'tchire zimene ankadya tawotcha, nde adye chani? Chinanso chimene a welda ayenera kudziwa, kulowa ndi chida m'malo otetezedwa kukasaka ndi mlandu winanso pawokha, ndipo chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017 zilango zinakwera kwambiri, pa nyama zotetezedwa kwambiri zimafika zaka 30. Sindikunena kuti nyani ali m'gulu limenelo ayi, koma munthu akakhala ndi mfuti m'mbali mwa phiri sathera pa nyani, mawa aona gwape, mkuja china. Ndipo chaka cha 2025 phirili linalowa m'ndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse, maso ambiri ali pano tsopano.

Nanazi265:
UNESCO imeneyo idzandilipira zinanazi zanga? Inu a nkhalango mumayankhula ngati ife tinakwera phiri chifukwa chokonda mphepo. Malo abwino onse kumunsi kuli tiyi, kuyambira nthawi ya atsamunda mpaka lero, ife tinatsala ndi timinda ta m'matanthwe. Munthu ali ndi ana 6, munda wake sukwana ndi theka la ekala, apite kuti?

Thyolo_Thava_Girl:
Apa nde mwakhudza bala. Kwathu kuno utuluke pakhomo uone kubiriwira mpaka uko, koma palibe ngakhale phazi limodzi lako. Anyamata akangotola nkhuni m'malire akuthamangitsidwa.

Mlonda_wa_Nkhalango:
Za malo sindikukana achemwali, ndi nkhani yoona ndipo ndi yakale. Koma namondwe wa Freddy mu March 2023 anatiphunzitsa kuti phiri likavulidwa limatsika lokha kudzatipeza m'nyumba. Miyala ija sinasankhe kuti uyu anadula mtengo uyu sanadule.

Admin_Sapitwa:
Abale nkhani ya malo ndi ya Freddy tiitsegulire tsiku lake, ikayamba pano sitimaliza. Tibwerere ku funso la a welda.

Bvumbwe_Tomato:
Ine ndibwerere koma mbali ina. Tisanamizane kuti nkhani ndi anyani okha. Ambiri ofuna mfuti akufunira anyani a miyendo iwiri. Kwathu anatibera mbuzi zonse usiku umodzi, khola analiphwasula kumbuyo, galu anamupatsa nyama ya poizoni. Titaimba foni kokadandaula anati galimoto ilibe mafuta, tipeze njira tikawatenge. Munthu waberedwa kale ulipirenso mafuta. Nde mukamati dikirani lamulo, lamulolo limafika dzuwa litatuluka, mbuzi zili kale pa kanyenya.

Kalaliki_Wopuma:
Pepani ndi mbuzizo bambo. Koma ndikufunseni, mukanakhala nayo usiku umenewo mukanatani? Mumdima, mwadzidzimuka kutulo, mwaona chithunzithunzi pakhola, mwaomba. M'mawa mupeza ndi mwana wa mlongo wanu amene amachokera ku vidiyo sho. Milandu yotere imafika m'makhoti, ndipo wolira kwambiri amakhala woomberayo. Ngakhale atakhala wakuba weniweni, lamulo lodziteteza limayang'ana ngati mphamvu imene mwagwiritsa ntchito ikufanana ndi choopsa chimene munakumana nacho. Kupha munthu amene akuthawa ndi mbuzi si kudziteteza, mukayankha mlandu wakupha, kuwonjezera pa wa mfuti yopanda laisensi uja. Komanso mbava zikamva kuti nyumba yakuti muli mfuti sizithawa ayi, zimabwera kudzaifuna, chifukwa kwa izo ndi katundu wodula kuposa mbuzi. Ikakagwira ntchito pa umbava kwina, mlandu wakuba ndi chida choopsa chilango chake chimafika moyo wonse m'ndende, ndipo ofufuza adzayenda chobwerera mpaka apeze amene anaisula.

Bvumbwe_Tomato:
Nde tizingogona ngati nkhuku kudikira kuphedwa?

MayiNandolo:
Ayi bambo, kwathu tinachita zina. Tinakhala pansi ndi amfumu, tinayambitsanso achitetezo a m'mudzi, nyumba iliyonse imasonkha kangachepe pamwezi, tinagula mawezulo ndi matochi, anyamata amasinthana kuyenda usiku. Wezulo ikalira pamodzi mudzi wonse umadzuka, wina aliza chidebe, wina belu la kutchalitchi. Amfumu analamulanso kuti wopha mbuzi yogulitsa aonetse kalata ya kumene waigula. Sindikunena kuti kuba kwatheratu koma kwachepa, ndipo palibe amene wamwalira.

Chitakale_Boy:
Mavuto ake achitetezo ena a m'mudziwo ndi amene amalozera akuba nyumba yoti alowe. Ndipo akagwira munthu amamumenya mpaka kufa, pena kumuwotcha, nde kusiyana kwake ndi mfuti kuli pati?

MayiNandolo:
Kumeneko nde kulakwa kwina, ndipo owotcha anzawo nawonso amamangidwa. Kwathu tinagwirizana kuti akagwidwa amangidwe manja apite naye kupolisi, womenya alipira mbuzi kwa amfumu. Iwe Chitakale umangotsutsa chilichonse, tabweretsa nzeru yako timve.

Chitakale_Boy:
Nzeru yanga ndi galu wolusa ndi geti ya a welda. Mwaona ndawapezera kasitomala.

Injiniya_Wachinyamata:
Ine ndikufuna ndiwaikire kumbuyo a welda pang'ono, chifukwa ena mukuyankhula ngati iwo ndi chigawenga. Chimene chawakoka pa mavidiyo aja ndikuchidziwa, ndi luso. Munthu wa zitsulo akaona chinthu chopangidwa mwaukadaulo manja amayabwa, amafuna adziwe kuti ine ndingathe kapena ayi. Si zoipa zimenezo. Maiko ena amisiri otere alipo ambiri, ku Darra Adam Khel ku Pakistan tauni yonse inatchuka ndi kusula mfuti pamanja, ku Danao ku Philippines chimodzimodzi, ku Ghana ndi ku Nigeria osula zitsulo a m'midzi amapanga ndipo maboma awo akhala akulimbana nazo. Ndipo ukadaulo ukuthamanga kuposa malamulo, mu 2013 mnyamata wina waku Texas, Cody Wilson, anaonetsa mfuti yoyamba yopangidwa ndi makina osindikiza zinthu za pulasitiki aja, 3D printer. Nde lamulo lathu la 1967 linalembedwa anthu asanalote n'komwe zimenezi, likufunika kuliunikanso. Koma kuliunika kwake ndikuona kuti kudzakhala kokhwimitsa osati kumasula. Onani Japan, dziko la malamulo olimba kwambiri pa mfuti, mu July 2022 nduna yaikulu yakale Shinzo Abe anaphedwa ku Nara akuyankhula pamsonkhano, ndi mfuti yoti munthu anapangira m'chipinda mwake. Palibe boma limene lingaone zimenezo n'kunena kuti aliyense azipanga.

Kalaliki_Wopuma:
Apa tagwirizana mwana wanga. Lamulolo ndi lakale zoona, koma kukalamba kwa lamulo sikulifafaniza, likugwirabe ntchito mpaka Nyumba ya Malamulo idzalisinthe.

Welda_wa_Luchenza:
Injiniya wandimvetsa. Ine chigawenga ayi, koma chinthu chikandizungulira m'mutu sindigona. Chabwino, nanga ndikapanga chongolira chabe, chosaponya kanthu, chongoopseza anyani? Pamenepo lamulo likuti bwanji madala?

Kalaliki_Wopuma:
Pamenepo musadalire ine kapena gulu lino, pitani pa polisi ya kwanuko mukafunse musanapange, kapena mukaonane ndi a Legal Aid. Koma langizo langa ndi loti chilichonse chooneka ngati mfuti kapena chofuna wonga chisiyeni. Wapolisi akachipeza pa shopu panu sadzayamba ndi kuyesa ngati chimaponya, adzayamba ndi unyolo, zoyesazo zidzachitika inu muli pa rimandi. Ndipo zinthu zophulika zilinso ndi lamulo lake lina.

Mlonda_wa_Nkhalango:
Komanso anyani ndi ochenjera, phokoso lopanda kanthu amalizolowera sabata yomweyo, adzakhala pamwala kumakuonerani mukuliza. Chimene chimathandiza ndi kulondera mogwirizana, minda yoyandikana kulemba munthu mmodzi kapena awiri ndi agalu ndi malegeni m'malo moti aliyense atulutse mwana wake kusukulu, makamaka m'mawa kwambiri ndi chakumadzulo pamene amatsika. Nyama zikafika povuta zedi kanenani kwa amfumu ndi kwa alangizi kuti uthenga ufike ku nthambi ya Parks and Wildlife, iwo ndi amene ali ndi mphamvu pa nyama zovutitsa anthu.

Nanazi265:
Uthengawo ukamafika zinanazi zitatha. Koma zolemba mlonda mogwirizanazo ndikazikamba ndi anzanga, ngakhale ndikudziwa kale amene adzakane kusonkha koma munda wake uli pakati.

Thyolo_Thava_Girl:
A welda ngati manja akuyabwa tipangireni makina okhadzulira nandolo kapena chotegulira chinangwa cha makaka, amayi kuno misana yatha. Ndi mbaula zosatha makala. Zimenezo mudzagulitsa mpaka kutopa.

Injiniya_Wachinyamata:
Ndi zoona, ndipo pampu yamanja yothirira dimba. Ndili ndi zojambula zake, ndikutumizirani ku inbox, a Admin asaope si mfuti kkk.

Gogo_wa_Khonjeni:
Ndipo ngati muno muli wina amene akusunga ya malemu agogo ake kudenga yopanda chikalata, asadikire kuti adzaipeze pa chipikisheni. Adutse kwa amfumu amuperekeze akaipereke kupolisi. Zidzukulu za masiku ano zimafukula paliponse.

Bvumbwe_Tomato:
Ine mtima sunakhazikike, ndinene zoona. Nonse mukunena zanzeru koma usiku ukafika aliyense amakhala yekha ndi chitseko chake. Laisensiyo ndikaifunsa ndithu ndione ngati mlimi wa tomato amamuyankha.

Kalaliki_Wopuma:
Kafunseni, ndi ufulu wanu kupempha. Mukatiuze mmene mwayendera, ena aphunzirepo.

Welda_wa_Luchenza:
Kasitomala uja wandiimbira pompano, ndamuuza kuti sinditha, akafunse za laisensi kapena agwirizane ndi anzake za mlonda. Wakwiya, akuti apita kwa wina wa kutsidya kwa malire amene safunsa mafunso ambiri.

Namwino_wa_Usiku:
Muuzeni asunge nambala ya wa njinga yamoto pafupi.

Bvumbwe_Tomato:
A welda, chitseko chachitsulo cha khola la mbuzi, cha loko wamkati woti sangadule ndi sowo, mungapange pa zingati? Ndiyankheni ku inbox, muno a Chitakale angakweze mtengo.